Za Kuwongola Nsagwada Munthu Atakula Kale

Pakati pa ife ana ndi adzukulu a anthu aja anatsika kuchokera ku Nyasaland ndi ku Tete kudzagwira ntchito pa njanji ya ku Umtali, m'migodi ya golide ya ku Penhalonga ndi m'minda ya tiyi ya ku Honde, monganso pakati pa eni nthaka amene tikhala nawo muno mu Mutare, mu Sakubva, mu Dangamvura ndi mu Chikanga, alipo anthu amene asenza vuto lawo poyera, pankhope penipeni, koma palibe amene amalitcha vuto. Ndinena za iwo amene nsagwada zawo sizikumana bwino. Wina nsagwada ya m'munsi inapitirira ya m'mwamba, kotero kuti mano apansi ndiwo amatsogola. Wina nsagwada ya m'munsi inatsalira m'mbuyo, milomo siitsekeka, ndipo mano apamwamba amagona pa mlomo usana ndi usiku. Winanso mano a kumatsakano amagundana koma akutsogolo sakhudzana konse, kotero kuti chibadwire sanakukutepo chimanga chootcha kapena kusenda nzimbe ndi mano. Anthu otere amapatsidwa maina achipongwe ali pasukulu, amaphunzira kuseka ataphimba pakamwa, amadya mobisa pamaliro ndi paukwati, ndipo akadandaula amayankhidwa ndi mawu amodzimodzi, akuti, “Ndi chibadwa chimenecho, mwanawe, unalengedwa choncho.” Tsono funso limene tiyenera kulisanthula ndi ili: kodi munthu amene wakula kale, mafupa ake atakhwima, angathe kuwongoledwa nsagwada, ndipo ngati angathe, njira yake ndi yotani, mtengo wake m'thupi ndi m'thumba ndi wotani, ndipo ndani ayenera kuiyenda?

Nsagwada ya m'mwamba ndi fupa lolumikizika ndi chigaza, losagwedezeka, limene limasenza mano apamwamba, limapanga pansi pa mphuno, ndipo m'kati mwake muli mphako ziwiri za mpweya, ina tsaya ili ina tsaya ilo. Ya m'munsi ndiyo imayenda, yokoloweka pa mfundo ziwiri zimene munthu angazimve akaika zala kutsogolo kwa makutu ndi kuyasamula. Mano 32 a munthu wamkulu anazikika m'mafupa awiriwa, ndipo sangathe kugwira ntchito yawo pokhapokha mafupawo atakula molingana. M'chaka cha 1899 dokotala wa mano wa ku America, Edward Angle, anagawa kalumidwe ka anthu m'magulu atatu, ndipo madokotala a ku Harare ndi a dziko lonse akugwiritsabe ntchito magulu omwewo: loyamba ndi la amene mano a kumatsakano amakumana bwino ngakhale ena atathithikana, lachiwiri ndi la amene mano apansi anatsalira m'mbuyo, lachitatu ndi la amene mano apansi anapitirira. Chofunika koposa kuchimvetsa n'chakuti kupotoka kwa mano n'kosiyana ndi kupotoka kwa fupa. Mano opotoka pa fupa labwino amawongoka ndi mawaya okha, aja ambiri amangowatcha ma braces, ndipo mpeni sufunikapo. Koma pamene fupa lenilenilo linatalika kapena kufupika mopitirira, mawaya angathe kungobisa vutolo pang'ono, ndipo munthu amene wasiya kukula sangathandizidwe kwenikweni popanda kudula fupa ndi kuliika pamalo ena.

Zifukwa zake ndi zambiri, ndipo si zonse zili chibadwa. Ena, inde, amatengera kumtundu, monga inachitira nyumba yachifumu ya Habsburg ku Ulaya, imene chibwano chake chotalika chinayenda m'mibadwo yambiri kufikira Charles II wa ku Spain, amene anamwalira m'chaka cha 1700. Ena anabadwa ndi mlomo ndi m'kamwa mong'ambika, ndipo ngakhale anasokedwa ali makanda, nsagwada ya m'mwamba inakula mochedwa chifukwa cha zipsera. Ena anayamwa chala kufikira atakula. Koma kuno kwathu chilipo chifukwa china chimene chimandipweteka mtima koposa, pakuti n'chopeweka: mwana agwa mumtengo wa mango kapena panjinga, amenyetsa chibwano pansi, amayi ake atsuka bala la pakhungu ndi kuthokoza Mulungu kuti mano sanaguluke, osadziwa kuti mphamvu ya kugwako yakathyola mfundo ya kukhutu. Pakapita miyezi fupa limamera pamfundopo, pakamwa pamayamba kukana kutseguka, nsagwada imaleka kukula mbali imeneyo, ndipo mwanayo amafika pa unyamata akudya mokankhira chakudya m'mipata ya mano. Mafinya a m'khutu osachizidwa angathe kuchita chimodzimodzi. Aliponso akuluakulu amene anathyoka nsagwada pangozi ya basi, pandewu ya kumowa kapena m'migodi ya makorokoza, aja okumba golide paokha, nakhala kunyumba osapita kuchipatala, fupa n'kulumikizika lokha mokhota.

Pano ndiyenera kupatuka pang'ono ndi kuchenjeza, chifukwa nkhani ziwiri zimasokonezedwa kawirikawiri. Nsagwada imene inakula mopotoka kuyambira ubwana ingathe kudikira chaka kapena ziwiri munthu akukonzekera. Koma nsagwada imene inali bwino, ndipo yayamba kutupa kapena kutalika munthu atakula, imeneyo ndi nthenda, siidikira. Chilipo chotupa chotchedwa ameloblastoma, chimene chimamera m'fupa la m'munsi mwakachetechete, chosapweteka, chikugwedeza mano limodzi limodzi, ndipo anthu amachitengera kwa asing'anga ndi kwa aneneri zaka zambiri kufikira madokotala atakakamizika kuchotsa theka la nsagwada. Pulofesa Midion Chidzonga wa ku University of Zimbabwe, mmodzi wa akatswiri odziwika a opaleshoni ya nsagwada ndi nkhope m'dziko lino, analemba za chotupa chimenechi monga anachionera mwa odwala a kuno, za nsagwada zothyoka, ndiponso za noma, chilonda chija chimadya tsaya la mwana wosowa zakudya, chimene bungwe la World Health Organization linachiika pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa mu December 2023. Kwa ana kulinso khansa ya nsagwada imene Denis Burkitt anaifotokoza ku Uganda m'chaka cha 1958, yomwe imakula m'masabata ochepa koma imamva mankhwala ikapezeka msanga. Ndipo munthu wamkulu amene aona kuti chibwano chikutalika, mano akutalikirana, nsapato ndi mphete zikumuthina, afunika kupimidwa kachiwalo ka pansi pa bongo kamene kamalamulira kukula. Onsewa apite kuchipatala lero lomwe.

Nzeru ya kusuntha mano pang'onopang'ono si yachilendo kwenikweni kwa ife. David Livingstone, pofotokoza ulendo wake wa m'chigwa cha Shire m'buku limene linatuluka m'chaka cha 1865, analemba za pelele amene akazi a Chimang'anja ankavala pa mlomo wa m'mwamba, ndipo anaona, pokhala iye dokotala, kuti kukanikiza kochepa koma kosalekeza kwa mlomowo kunkakankhira mano akutsogolo m'kati. Mawaya a masiku ano amagwira ntchito mwa lamulo lomwelo: dzino likakankhidwa mofatsa kwa miyezi, fupa limasungunuka kutsogolo kwake ndi kumera kumbuyo kwake, ndipo dzino limayenda. Koma kudula nsagwada yeniyeniyo kunafika mochedwa. Woyamba kudziwika ndi Simon Hullihen wa ku Wheeling, ku America, amene m'chaka cha 1849 anafotokoza m'mene anawongolera nsagwada ya mtsikana amene anapsa ndi moto ali mwana, zipsera za pakhosi zitakokera fupa pansi. M'chaka cha 1901 René Le Fort wa ku Lille, ku France, poyesa mitu ya anthu akufa, anapeza mizere itatu imene mafupa a nkhope amathyokera, ndipo mzere wotsikitsitsa mwa itatuyo, wodutsa pamwamba pa mizu ya mano, ndi umene madokotala amatsata lero podula nsagwada ya m'mwamba. Nkhondo yaikulu yoyamba inabweretsa anyamata zikwi ophwanyika nkhope, ndipo Harold Gillies, pa chipatala cha ku Sidcup ku England kuyambira 1917, anaphunzira zambiri powasoka. Asilikali athu a King's African Rifles amene anavulala m'nkhondo yomweyo m'nkhalango za kuno ku Africa analibe mwayi wotere.

Amene anatsegula khomo kwenikweni ndi Hugo Obwegeser wa ku Austria, amene m'chaka cha 1953, ali ku Graz, anayamba kudula nsagwada ya m'munsi m'njira yatsopano, yodzera m'kamwa, imene anaifalitsa pamodzi ndi mphunzitsi wake Richard Trauner. M'malo modula fupa pakati ndi kusiya nsonga ziwiri zopyapyala, iye analing'amba m'litali kumbuyo kwa matsakano, mbali zonse ziwiri, monga munthu ang'ambira nsungwi, kotero kuti mbali yokhala ndi mano imatha kutsetsereka kutsogolo kapena kumbuyo zipande ziwirizo zikukhudzanabe pamalo aakulu, ndipo fupa limalumikizika mosavuta. Pambuyo pake William Bell wa ku America anasonyeza kuti nsagwada ya m'mwamba ingathe kumasulidwa yonse ku chigaza osafa, chifukwa magazi amaifikabe kudzera m'mnofu wa m'kamwa. Ndipo m'zaka za m'ma 1970 Maxime Champy wa ku Strasbourg ndi anzake anakhazikitsa tizitsulo ting'onoting'ono tomangira fupa, timene lero timapangidwa ndi titanium. Tizitsulo timeneti ndi timene tinachepetsa masautso a odwala koposa china chilichonse, pakuti kale munthu ankamangidwa mano apansi ndi apamwamba ndi waya kwa masabata 6 kapena kuposa, pamene lero ambiri amangovala timphira tolondolera kalumidwe.

Tsono munthu wa ku Mutare amene wafuna chithandizo chotere ayambira pati? Ayambira kwa dokotala wa mano, kaya wapadera m'tauni, kaya wa ku Victoria Chitepo Provincial Hospital, chipatala chachikulu cha chigawo cha Manicaland, chimene akuluakulu amachidziwa ndi dzina lakale la Mutare General. Kuchokera kumeneko njira imakwera Christmas Pass kulunjika ku Harare, mtunda wa makilomita pafupifupi 260, kumene kuli Parirenyatwa, Sally Mugabe Central Hospital ndi sukulu ya madokotala a mano ya University of Zimbabwe. Pakuti akatswiri a opaleshoni imeneyi ndi owerengeka m'dziko lino, ndipo ambiri a iwo ali m'mizinda ikuluikulu. Ntchito yake ndi ya anthu awiri, katswiri wowongola mano ndi katswiri wodula fupa, ndipo awiriwa ayenera kupangana asanakhudze dzino ndi limodzi lomwe. Amajambula mutu ndi ekisire, amadinda mano ndi kuumba chifaniziro chake, kapena kuchipanga pa kompyuta, amayeza kuti fupa lisunthe mamilimita angati, amene kawirikawiri sapitirira 10, ndiponso amatsimikiza kuti munthuyo wasiyadi kukula, chimene kwa atsikana chimachitika cha m'zaka 16 mpaka 18, ndipo kwa anyamata mochedwerapo, mwina kufikira zaka 21. Kudula msanga n'kutaya ntchito, chifukwa fupa limene likukulabe limabwerera kumene linali kupita. Koma malire a kumtunda palibe: munthu wa zaka 40 kapena 50, ngati thupi lake ndi nkhama zake zili bwino, angathe kuthandizidwa.

Gawo loyamba ndi la mawaya, ndipo limatenga miyezi 12 mpaka 18, nthawi zina kuposa, wodwala akuonana ndi dokotala mwezi ndi mwezi kapena pakapita masabata angapo. Apa ndi pamene ambiri amataya mtima, chifukwa cha chinthu chimene sanauzidwe momveka. Mano a munthu wa nsagwada zosiyana amakhala atapendekeka okha kwa zaka zambiri poyesa kukumana. Wowongola mano ayenera kuwaimiritsa chilili pa fupa lawo, ndipo akatero mpata wa pakati pa mano apansi ndi apamwamba umakula, nkhope imaoneka ngati yaipiraipira, kutafuna kumavuta koposa kale. Achibale amayamba kunena kuti ndalama zapita m'madzi. Komatu kuipa kumeneku n'kofunika, pakuti ndi kumene kumapereka malo oti fupa lisunthire; walira mvula walira matope. Mano otsiriza a kumatsakano apansi amazulidwanso kawirikawiri miyezi ingapo opaleshoni isanafike, popeza amakhala panjira ya mpeni.

Tsiku la opaleshoni ndilo lalifupi m'ulendo wonse. Wodwala amagonekedwa tulo ta mankhwala, paipi yopumira imadzera m'mphuno kuti m'kamwa mukhale mopanda chotchinga, ndipo kudula konse kumachitikira m'kati mwa kamwa, kotero kuti pankhope sipatsala chipsera, kupatula kadontho ka patsaya kwa ena. Nsagwada imodzi imatenga maola awiri kapena atatu, zonse ziwiri maola anayi kapena kuposa. Kachipangizo ka pulasitiki kokonzedweratu kamaikidwa pakati pa mano kuti kasonyeze malo atsopano, fupa limamangidwa ndi tizitsulo, mabala amasokedwa ndi ulusi wosungunuka wokha, ndipo pakapita masiku awiri kapena atatu ambiri amatuluka m'chipatala. Zoopsa zilipo, ndipo dokotala woona amazitchula asanafunsidwe: kutaya magazi, makamaka pa nsagwada ya m'mwamba, fupa kung'ambika pamene silinayenera, mafinya pa tizitsulo, zimene zimachititsa kuti tichotsedwe pambuyo pake, kuwawa kwa mfundo ya kukhutu, ndi fupa kubwerera pang'ono m'mbuyo pakapita zaka. Amene ali ndi shuga, kuthamanga kwa magazi, kuchepa kwa magazi, kapena amene amamwa ma ARV, anene zonse poyera, ndipo afunsiretu m'mene adzamwere mapiritsi ake pakamwa patatupa, chifukwa mankhwala otere salekezedwa, ndipo si onse amene amaloledwa kuphwanyidwa.

Koma nkhani yeniyeni imayamba munthu atafika kunyumba, ndipo ndi pano pamene ndifuna kukhalitsa, chifukwa gawo limeneli silili m'manja mwa dokotala koma mwa amayi, azakhali, mkazi kapena mwamuna wa wodwalayo. Chodabwitsa n'chakuti ululu suli waukulu monga anthu amaopera, popeza nkhope imakhala yadzanzi. Chimene chimasautsa ndi kutupa. Nkhope imafufuma kufikira tsiku lachiwiri kapena lachitatu, milomo imasweka, dovu limatsika munthu osadziwa, mphuno imatsekeka ndi magazi ouma ngati anadula m'mwamba, ndipo usiku woyamba ndi wachiwiri wodwala amagwidwa ndi mantha akuti mpweya umuthera. Agone atatsamiritsa mutu pamwamba, aikidwe nsalu yozizira m'masaya masiku oyambawo, apakidwe mafuta m'milomo, ndipo amene anadulidwa m'mwamba asamine konse kwa masabata amene dokotala wanena, kuopa kukankhira mpweya ndi tizilombo m'bala. Pakatha masabata awiri kapena atatu kutupa kwakukulu kumaphwa, koma kotsalira kumachoka pang'onopang'ono kwa miyezi yambiri, kotero kuti nkhope imene munthu aiona pagalasi mwezi woyamba siyo imene adzakhale nayo.

Chakudya ndicho chiyeso chachikulu. Ife ndife anthu a nsima, ndipo munthu amene sanadye nsima amati wagona ndi njala ngakhale atamwa mbale zitatu za phala. Koma kwa masabata 6, pamene fupa likulumikizika, kutafuna n'koletsedwa. Masiku oyamba zonse zimalowa zamadzimadzi, ndi kasupuni kakang'ono, ndi kapu ya mlomo, kapena ndi jekeseni wopanda singano woloza kumbali kwa tsaya, ndipo kapu imodzi ingatenge theka la ola. Ambiri amataya makilogalamu angapo, ndipo amene anali woonda kale ayenera kunenepako opaleshoni isanafike. Cholakwa chofala ndicho kumupatsa wodwala tiyi, zakumwa za m'botolo ndi phala lamadzi lokha, pamene fupa lofuna kumera likusowa zomangira thupi. Mwamwayi Mutare ndi mzinda wodala pa zakudya zofewa: pa msika wa Sakubva pali mapeyala, pali nthochi za ku Honde ndi ku Burma Valley, pali mapapaya, mbatata, maungu, nyemba ndi mtedza. Phala la mawere kapena la mgaiwa lothira chiponde, mkaka ndi dzira. Peyala losakaniza ndi chambiko. Msuzi wa nyemba kapena wa nkhuku wosinja pamodzi ndi nyama yake ndi kusefa. Mahewu osasasa kwambiri. Zonsezi, zikaperekedwa pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku, zimasunga munthu. Makina opera zakudya amathandiza, koma magetsi akathima kamtondo ndi sefa zimagwira ntchito yomweyo. Madzi akhale ambiri, pakuti kudzimbidwa ndi chizungulire zimachokera pamenepo. Pambuyo pa masabata amenewo munthu amayamba nsima yofewa, mazira, nsomba yopanda minga. Koma chimanga chokazinga, nzimbe, mafupa ndi nyama yofutsa zidikire miyezi itatu kapena kuposa.

M'kamwa muyenera kutsukidwa munthu akangotha kudya, ndi kamswachi ka ana, ndi madzi ofunda amchere kapena mankhwala ochukuchira amene achipatala apereka, ngakhale kutero kuli kovuta ndi kochititsa mantha. Fodya ndi mdani wa fupa lomera, ndipo mowa ndi woopsa kawiri, chifukwa umagwetsa ndiponso umasanzitsa. Kusanza ndiko chinthu choopedwa kwa munthu womangidwa mano: amene wamangidwa ndi waya asalekane ndi kachitsulo kodulira, usana ndi usiku, ndipo a m'nyumba mwake aphunzitsidwe podula, amene wavala timphira akhale ndi sizasi pafupi. Pa chifukwa chomwechi ndinena kwa abale athu a ku Honde, ku Mutasa ndi ku Chipinge, kumene malungo, amenenso amasanzitsa, sanathe, kuti wodwala agone m'neti, ndipo thupi likangotentha apimidwe magazi tsiku lomwelo. Magazi osaleka, kutupa kumene kwayambanso kukula sabata yoyamba itatha, mafinya ndi fungo, kubanika, kapena mano kusiya mwadzidzidzi kukumana monga anakumanira potuluka m'chipatala, zonsezi ndi zobwerera nazo kwa dokotala mosazengereza. N'chifukwa chake munthu wa ku Mutare achita bwino kupeza wachibale ku Harare, kaya ku Mbare, ku Highfield kapena ku Mufakose, woti amusunge sabata yoyamba kapena ziwiri, m'malo mokwera basi ya maola anayi nkhope ili chitupire.

Dzanzi ndilo limakhalitsa. M'kati mwa nsagwada ya m'munsi mumadutsa mtsempha umene umapereka kumva ku mlomo wapansi ndi kuchibwano, ndipo podula fupa mtsemphawo umakokeka kapena kufinyika. Pafupifupi aliyense amadzuka mlomo uli wakufa. Kwa ambiri kumva kumabwerera m'masabata kapena m'miyezi, kukuyamba ndi kunyerenyetsa ndi kulasalasa. Koma kwa ena, makamaka amene apitirira zaka 30 kapena 40, kachigawo ka mlomo kamatsala kadzanzi moyo wonse. Mlomo umayendabe, munthu amalankhula ndi kumwetulira bwino, koma samva phala likamutentha kapena chakudya chikatsalira pachibwano. Uwu ndi mtengo weniweni, ndipo munthu aliyense ayenera kuuyika pa sikelo asanasaine chikalata. Wa ntchito ya muofesi amabwerera pakatha masabata atatu kapena anayi. Wonyamula matabwa m'mafakitale a ku Nyakamete, wokumba, kapena wosewera mpira, adikire nthawi yotalikirapo. Mawaya amakhalabe m'kamwa miyezi ina 6 kapena kuposa kuti amalize kulinganiza mano, ndipo akachotsedwa pamabwera kachipangizo kosungira mano usiku. Ulendo wonse, kuyambira tsiku loyamba kwa dokotala, umatenga zaka ziwiri kapena zitatu.

Lilipo bala lina limene ekisire siiona. M'sabata yachiwiri kapena yachitatu, munthu atatopa ndi njala, ndi kusagona, ndi kulankhula kosamveka, mtima umagwa, ndipo ambiri amalira ndi kunena kuti analakwitsa. Chimenechi n'chodziwika, ndipo chimapita chakudya chikayamba kulowa. Chovuta koposa ndi nkhope yatsopano: munthu amene wakhala zaka 25 ndi chibwano chimodzi amadzuka ndi china, ndipo amayi ake omubala angathe kumuyang'ana ndi kunena, osafuna kumupweteka, kuti, “Koma mwana wanga mwamusintha, sakufanananso ndi malemu atate ake.” Mawu otere amalasa. A m'banja aphunzire kusunga lilime miyezi yoyambayo, ndipo wodwala naye asayembekeze kuti fupa likasuntha ndiye kuti ukwati, ntchito ndi ulemu zibwera zokha. Mpeni umakonza kalumidwe, kapumidwe ndi maonekedwe, koma zaka za kunyozedwa zimachira mwa njira ina, ndipo nthawi zina zimafuna munthu wodziwa uphungu.

Za ndalama ndinene mosabisa kuti njira imeneyi ndi yodula, ndipo kudula kwake sikuli pa tsiku la mpeni lokha, koma pa mawaya a zaka ziwiri, pa zithunzi, pa tizitsulo tochokera kunja, ndi pa maulendo a ku Harare, zonse zolipidwa kawirikawiri ndi madola a ku America. M'zipatala za boma akatswiri ochepawo amatsogoza othyoka pangozi ndi a zotupa, ndipo palibe angawadzudzule pa chimenecho. Amene ali pa medical aid afunse mwa kalata, asanayambe, ngati chithandizochi chidzalipiridwa, chifukwa mabungwe otere m'maiko ambiri amachiwerengera m'gulu la zodzikongoletsa pokhapokha dokotala atalemba momveka kuti munthu akulephera kutafuna kapena kupuma. Ena amapita ku South Africa kapena ku India. Koma woteroyo ayambe wapeza dokotala wa kuno amene adzamuyang'anire akabwerako, pakuti tizitsulo tikachita mafinya Johannesburg ili kutali. Ndipo aliyense amene afuna kumanga mawaya m'kamwa mwanu akhale wolembedwa ku Medical and Dental Practitioners Council of Zimbabwe. Safunsa anadya phula. Kumudzi ku Malawi, kumene maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anayamba m'chaka cha 2019 ku Blantyre mothandizana ndi University of Glasgow, akatswiri otere ndi ochepa koposa kuno, kotero kuti kubwerera kwathu sikufupikitsa njira.

Tsono kodi n'koyenera? Alipo okhulupirira oona mtima, m'mipingo yathu ya CCAP ndi ina, amene amati kusintha nkhope ndiko kutsutsa Mlengi. Ine ndiwalemekeza, koma sindigwirizana nawo. Pakuti anthu omwewo savutika mtima mwana wopindika mapazi akawongoledwa ku chipatala cha CURE ku Bulawayo, kapena agogo akachotsedwa ng'ala m'maso, ndipo sindiona chifukwa chimene mwendo ndi diso zingayenerere chifundo koma nsagwada ayi. Munthu amene satha kutafuna, amene mano ake akuperepeseka asanakalambe, amene amaliza mkonono ndi kubanika m'tulo chifukwa nsagwada yaifupi yakankhira lilime kukhosi, amene pakamwa pake sipatseguka kuposa chala chimodzi, ameneyo akufuna kuchira, ndipo kwa iye zaka ziwiri za mawaya ndi masabata 6 a phala ndi mtengo woyenera. Koma amene amadya bwino, amapuma bwino, ndipo changomuvuta ndi chithunzi chimene waona pa foni, ndimulangiza kuti aganize kawiri, chifukwa angathe kugula chibwano chokongola ndi mlomo umene sudzamvanso.

Kwa inu makolo, mwana akagwa ndi kumenyetsa chibwano, ngakhale bala likhale laling'ono, muuzeni ayasamule pamaso panu tsiku ndi tsiku, ndipo mukaona kuti pakamwa pakupotokera mbali imodzi kapena pakukana kutseguka, pitani naye kuchipatala mwezi womwewo ndi kupempha kuti ajambule mfundo za kukhutu. Ndipo kwa inu akuluakulu a mabungwe athu a maliro, amene makolo athu anawayambitsa m'makomboni a m'migodi ndi a njanji kuti mlendo asaikidwe ngati wopanda abale, ndipempha kuti pa msonkhano wanu wotsatira mukambirane za kupatula kathumba kena ka amoyo, koti kalipire basi ya ku Harare ndi chithunzi choyamba cha mnyamata kapena mtsikana wa pakati panu amene sanalumepo chakudya ndi mano akutsogolo.